Dzina linapita ku Nashville, manja anatsala ku Kalamazoo

Kalamazoo ndi mzinda waung'ono wa kummwera chakumadzulo kwa chigawo cha Michigan ku America, pafupifupi pakatikati pa ulendo wochoka ku Detroit kupita ku Chicago. Anthu ake sakwana 80,000. Kale unkadziwika ndi mafakitale a mapepala, mankhwala a kampani ya Upjohn, ndi magalimoto a Checker amene ankanyamula anthu m'misewu ya New York. Koma kwa okonda magitala amagetsi, mzinda wonsewo ndi nyumba imodzi yokha, ya pa nambala 225 mu Parsons Street, imene chumuni chake chanjerwa chinaonetsa dzina la Gibson kwa zaka zambirimbiri. Kuyambira 1917 mpaka 1984 magitala a Gibson ankatuluka pamenepo. Lero pali magulu atatu a anthu amene amati cholowa cha nyumbayi ndi chawo: amene amagula magitala akale n'kuwasunga, amene amadzipangira okha magitala kuseri kwa nyumba zawo, ndi amene amangofuna kuimba. Gulu loyambalo ndiye lili ndi ndalama, ndipo ndi limene mawu ake amamveka kwambiri. Ine ndikuti mbiri ya Parsons Street ikaunikidwa bwino imaikira kumbuyo magulu awiri enawo.

Tiyambe ndi mwini dzinalo. Orville Gibson anabadwa mu 1856 ku Chateaugay m'chigawo cha New York, ndipo atasamukira ku Kalamazoo ankagwira ntchito wamba, m'sitolo ya nsapato ndi m'malo odyera. Zosema zida zoimbira ankachita akaweruka. Iye anaganiza zoti mandolini ndi gitala azizisema kuchokera ku thabwa lochindikala kuti nkhope yake ikhale yotumphuka ngati ya vayolini, m'malo mopinda timatabwa topyapyala monga ankachitira ena. Mu 1898 boma linamulembera kuti luso limeneli ndi lake. Mu 1902 amalonda asanu a mumzindamo anakhazikitsa kampani m'dzina lake, koma Orville mwiniwakeyo sanaiyendetse. Anamulipira chifukwa cha lusolo, n'kumamufunsa nzeru mwa apo ndi apo mpaka anazimiririka. Anamwalira mu 1918, patangotha chaka chimodzi fakitale ya Parsons Street itatsegulidwa. Choncho kampani imene magitala ake akale amagulidwa lero pamtengo wa nyumba inayambira pa munthu wosema matabwa pa nthawi yake yopuma, ndipo dzina ndi manja zinapatukana kuyambira pachiyambi pomwe.

Za zaka zotsatira sitichedwapo. Lloyd Loar, amene anagwira ntchito pamenepo kuyambira 1919 mpaka 1924, anasiya gitala ya L-5 ndi mandolini ya F-5. Mu 1936 kunatuluka ES-150, gitala yamphako yokhala ndi pickup, kachipangizo ka maginito ndi waya kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala mphamvu yamagetsi yopita ku ampulifaya. Charlie Christian ataiimba mu gulu la Benny Goodman, gitala inasiya kukhala chida chongoperekeza zinzake kumbuyo. Chofunika kwambiri pa mfundo yathu chinachitika pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amuna ambiri atapita kunkhondo, fakitale inalemba ntchito akazi a mumzindamo, ambiri mwa iwo asanagwirepo chisemelo. Kwa nthawi yaitali nkhani imene inkafala inali yakuti kupanga magitala kunaima nthawi imeneyo, kufikira John Thomas atafufuza m'mabuku a katundu wotumizidwa n'kupeza kuti zida pafupifupi 25,000 zinatuluka, ndipo analemba za akaziwo m'buku lake la Kalamazoo Gals la mu 2013. Ambiri mwa magitala amenewo sanali amagetsi, koma amawerengedwa pakati pa abwino koposa amene Gibson inapangapo. Luso la pa Parsons Street silinali la m'magazi kapena la chinsinsi cha banja. Linali lophunzitsika, ndipo munthu wachidwi ankaligwira m'kanthawi kochepa.

Nyengo imene osonkhanitsa magitala amaipembedza ndi ya Ted McCarty, amene anabwera mu 1948 n'kukhala mkulu wa kampani kuyambira 1950 mpaka 1966. Pa nthawi yake antchito anachoka pa 150 kufika pa 1,200, ndipo zida zotuluka pachaka zinachoka pa 5,000 kupitirira 100,000. Chimene chinamudzutsa chinali ku California. Kumeneko Leo Fender, munthu wokonza mawailesi ku Fullerton amene sankadziwa n'komwe kuimba gitala, anayamba mu 1950 kugulitsa gitala yopanda mphako, thabwa lathyathyathya lomangiriridwa khosi ndi masikuluwu anayi. Akuluakulu a makampani akale anaiseka, koma oimba anaigula, chifukwa gitala yopanda mphako siilira yokha mosokosa ampulifaya ikakwezedwa. Zochititsa manyazi n'zakuti ganizo limeneli linali litafika kale pakhomo pa Gibson. Woimba Les Paul anali atadzipangira yekha gitala yotere chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, pomangirira khosi, nsambo ndi ma pickup pa chipika cha paini, n'kuphatikapo mbali ziwiri za gitala yakale kuti ioneke ngati gitala. Atapita nayo kwa Gibson anamubweza. Fender atayamba kudya msika, anamuitananso kuti dzina lake lilembedwe pa gitala yatsopano imene inatuluka mu 1952, ya thupi la mahogany, mtengo wachibale ndi mbawa yathu, yokutidwa pamwamba ndi thabwa losemedwa la maple lopakidwa utoto wagolide. Kawiri konse tsono, kwa Orville ndi kwa Les Paul, nzeru inachokera kwa munthu woyesayesa payekha, fakitale n'kutsatira pambuyo.

Tsopano tione chimene chimatchedwa mtima wa magitala a nyengoyo. Pickup ya koyilo imodzi imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, kung'ung'udza kumene kumakula ampulifaya ikakwezedwa. Seth Lover, katswiri wa zamagetsi wa pa Parsons Street, anathetsa vutoli poika makoyilo awiri moyandikana, olumikizidwa motsutsana ndiponso oyang'anizana ndi mbali zosiyana za maginito, kotero kuti phokoso lotoledwa ndi koyilo imodzi limafafanizidwa ndi inzake, pomwe mawu a nsambo amaphatikizana n'kukula. Pickup imeneyi, humbucker, inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ndipo osonkhanitsa amaitcha PAF potengera kachikwangwani kamene kankamatidwa kunsi kwake. Lero PAF imodzi yokha, yopanda gitala, imagulidwa madola masauzande angapo. Nanga inkapangidwa bwanji? Waya wa kopa wowonda ngati tsitsi ankaukulunga pafupifupi maulendo 5,000 pa koyilo iliyonse, koma makina okulungirawo sankaima okha molondola, choncho koyilo ina inkapitirira, ina n'kuperewera, malinga ndi maso a woyendetsa makinayo. Maginito nawo ankaika amene alipo tsikulo, a mitundu yosiyanasiyana. Mapeto ake palibe ma PAF awiri olira chimodzimodzi. Ena amalira mokoma, ena ndi wamba. Chimene wosonkhanitsa amachitcha chinsinsi chinali kusalongosoka kwa ntchito ya pafakitale, ndipo munthu amene lero amakulunga koyilo yake patebulo, kuwerenga maulendo, kusinthanitsa maginito n'kumvetsera kusiyana kwake, akuchita mwadala zomwe ku Kalamazoo zinkachitika mwangozi.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chimaonetsa zimenezi bwino. Les Paul ya mu 1959 imene ankaimba Peter Green wa gulu la Fleetwood Mac ili ndi liwu lakelake, lopyapyala ngati lolankhulira m'mphuno, limene limamveka ma pickup onse awiri akayatsidwa pamodzi. Chifukwa chake n'chakuti maginito a pickup ya kukhosi anaikidwa chotembenuza. M'maso mwa woyang'anira ntchito chimenecho ndi cholakwika, koma woimba anachisandutsa chizindikiro chake, ndipo lero anthu ambirimbiri amatsegula ma pickup awo n'kutembenuza maginito kuti apeze liwu lomwelo.

Chimene chimaiwalika kwambiri n'chakuti magitala otchukawa analephera pamsika. Les Paul Standard ya utoto wofiira m'mbali ndi wachikasu pakati, imene inapangidwa kuyambira 1958 mpaka 1960, inkagulitsidwa pa madola osakwana 300, ndipo zonse pamodzi zinali pafupifupi 1,700. Ogula ankati ndi yolemera komanso yachikale, moti pofika 1961 kampani inali itaisiya n'kuika m'malo mwake thupi lopyapyala la nyanga ziwiri limene pambuyo pake linatchedwa SG. Flying V ndi Explorer za mu 1958, zopangidwa ndi limba, mtengo wa m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa umene Gibson inkautcha korina, zinalephera koposa apo: Flying V zosakwana 100 ndi zimene zinatumizidwa kumasitolo m'zaka ziwiri zoyamba. Kusowa kwa magitalawa lero, kumene ndi phata la mtengo wake, kunabwera chifukwa chakuti anthu sankawafuna. Amene anawaukitsa anali anyamata oimba blues, ogula m'masitolo a katundu wakale. Eric Clapton anagula Les Paul yogwiritsidwa kale ntchito ku London, n'kuilumikiza ku ampulifaya ya Marshall yokwezedwa mpaka pamapeto, ndipo chimbale chimene anajambula ndi John Mayall mu 1966 chinaphunzitsa dziko liwu limene opanga gitalayo sanaliganizirepo. Ku America Mike Bloomfield anachita chimodzimodzi. Oimba anafunsafunsa mpaka Gibson inayambanso kupanga Les Paul mu 1968. Popanda zala za oimba amenewa, gitala imene lero imagulidwa madola oposa 200,000 ikanakhala katundu wakale wosayenda malonda. Gitala ya Clapton ija inabedwa mu 1966 momwemo ndipo sinapezekenso, koma zimenezo sizinachotse kanthu pa nyimbo zimene inasiya.

Wina anena kuti ndikupeputsa matabwa. Mahogany a nthawi imeneyo ankachokera ku mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango zakale za ku Central America, thabwa la pakhosi pamene zala zimaponda linali rosewood ya ku Brazil imene malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa mu 1992, guluu anali wachikopa, ndipo vanishi anali wopyapyala wa nitrocellulose. Zimenezi, akutero, sizingabwererenso. N'zoona kuti mitengo imeneyo yatha kapena yatetezedwa, ndipo kulemera ndi kuuma kwa thabwa kumakhudza mmene gitala imakhalira m'manja ndi kutalika kwa kulira kwa nsambo. Koma pa gitala yopanda mphako, pickup imamva nsambo yachitsulo, ndipo zimene khutu limalandira zadutsa kale mu koyilo, m'mawaya, mu ampulifaya ndi mu sipika. Gawo la mtengo lilipo koma ndi laling'ono poyerekeza ndi mtengo wake wandalama. Umboni uli m'zimbale zimene aliyense angathe kumvera. Liwu limene linabwezeretsa Les Paul pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, la Slash pa chimbale choyamba cha Guns N' Roses cha mu 1987, linachokera ku gitala imene sinapangidwe ndi Gibson n'komwe, koma ndi mmisiri wodziyimira payekha, Kris Derrig, motsanzira za mu 1959. Brian May wa Queen waimba moyo wake wonse gitala imene anapanga ndi bambo ake kunyumba kuyambira 1963, khosi lake losemedwa ku thabwa la pamoto la nyumba yakale. Eddie Van Halen anagula thupi ndi khosi zotsika mtengo, n'kuzula humbucker pa Gibson ES-335 yake, n'kuikhomera m'thupi la maonekedwe a Fender. Kwa wosonkhanitsa kumeneko n'kuwononga chuma, koma n'kumene kunabala liwu limene m'badwo wonse wa oimba unalitsanzira.

Chotsutsa chachiwiri n'cholimba kuposa choyambachi, ndipo chikuchokera m'mbiri ya nyumba yomweyo. Ngati chinsinsi chinali manja a amisiri, n'chifukwa chiyani manja omwewo, m'nyumba yomweyo, anatulutsa magitala amene oimba ambiri amawadandaula m'zaka za m'ma 1970? Funsoli ndi loyenera. Mu 1969 kampani imene inali ndi Gibson inagulidwa ndi ina imene malonda ake akuluakulu anali a mowa ndi simenti ku Ecuador, ndipo zonse pamodzi zinatchedwa Norlin. M'zaka zimenezo thupi la Les Paul linayamba kupangidwa ndi matabwa osanjikiza m'malo mwa thabwa limodzi, khosi linakhala la zidutswa zitatu, ndipo magitala ambiri anatuluka olemera mopweteka phewa. Yankho langa ndi lakuti mmisiri wa pafakitale amapanga zimene wauzidwa, ndi matabwa amene wapatsidwa, pa liwiro limene amuikira. Luso lake limaoneka akapatsidwa mpata wosankha. Mpata umenewo unabwera mwa njira yowawa. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Norlin inatsegula fakitale ina ku Nashville m'chigawo cha Tennessee, kumene ntchito inali yotsika mtengo, ndipo ntchito inasamuka pang'onopang'ono mpaka Parsons Street inatsekedwa mu 1984. Amisiri ena akuluakulu, kuphatikizapo Jim Deurloo, Marv Lamb ndi J.P. Moats, anakana kusamuka. Anagula ena mwa makina akale, n'kutsegula kampani yawo ya Heritage m'nyumba yomweyo mu 1985. Magitala awo, monga H-150, amalemekezedwa ndi oimba, koma pamsika wa osonkhanitsa sayandikira n'komwe mtengo wa Gibson yakale. Nyumba inali yomweyo, makina anali omwewo, anthu anali omwewo, ena mwa iwo anayamba ntchito m'zaka za m'ma 1950 zomwezo. Chasowa ndi zilembo zisanu ndi chimodzi pamutu pa gitala. Msika ukanakhala kuti umagula luso la Kalamazoo, bwenzi zinthu zili mwina.

Sindikufuna kuwalanda osonkhanitsa zimene zili zawo. Iwo ndi amene anasunga magitala a m'ma 1950 osasinthidwa pa nthawi imene oimba ankawaboola, kuwapala utoto ndi kuwasintha ma pickup mopanda chisoni. Iwo ndi amene analemba manambala, kujambula mkati mwake, kuyeza makulidwe a khosi ndi mphamvu ya koyilo iliyonse. Gibson yeniyeniyo, itafuna kupanganso Les Paul ya mu 1959 molondola, inachita kubwereka magitala kwa osonkhanitsa kuti iwayeze, chifukwa zambiri zinali zitaiwalika m'kampanimo. Mmisiri wa kuseri kwa nyumba amadya thukuta lawo nthawi zonse akatsitsa mapulani pa intaneti. Choncho kusunga pakokha sikulakwa. Kusiyana kuli pakati pa wosunga amene amalola gitala kulira ndi amene amaitsekera. Gitala ya Peter Green ija inapita kwa Gary Moore, amene anaiimba zaka zoposa 30, ndipo kuyambira 2014 ili ndi Kirk Hammett wa Metallica, amene amayenda nayo n'kumaiimba pamaso pa anthu masauzande. Koma pali ambiri amene amagula gitala ngati mmene amagulira masheya, n'kuiika m'chipinda chokhoma osaisintha ngakhale nsambo kuopa kutsitsa mtengo. Imeneyo ndi mbewu yosungidwa m'nkhokwe chaka ndi chaka osadzalidwa. Ndipo khalidwe limeneli labala malonda odabwitsa: lero makampani amagulitsa magitala atsopano okandidwa dala, vanishi wong'ambidwa ndi mpeni kapena ndi kuzizira, zitsulo zochititsidwa dzimbiri ndi mankhwala, pamtengo woposa wa gitala yosalala. Zipsera zimene Clapton kapena Green anazisiya poimba usiku ndi usiku, munthu amazigula zopangiratu.

Chatsala ndi chinenezo chakuti wotsanzira ndi wakuba. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Kulemba dzina la Gibson pa gitala imene Gibson sinapange n'kuigulitsa ngati yeniyeni ndi chinyengo, ndipo chinyengo chimenechi chafala kwambiri moti osonkhanitsa eniake amaseka kuti magitala a mu 1959 otsala lero ndi ochuluka kuposa amene anapangidwa. Onani kuti chimene chimaitana wachinyengo ndi mtengo wa dzina. Palibe amene amavutika kunamizira gitala chifukwa cha liwu lake lokha. Kuphunzira kapangidwe n'kukabwereza ndi nkhani ina. Norlin itasumira ogulitsa magitala a Ibanez a ku Japan mu 1977, mlandu unali pa maonekedwe a mutu wa gitala, umene ndi chizindikiro cha kampani, ndipo unatha mokambirana. Makampani a ku Japan monga Tokai ndi Greco anapitiriza kuyeza magitala akale a Kalamazoo, ndipo oimba ambiri anaona kuti zotsanzira zawo zinkafanana ndi za mu 1959 kuposa zimene Gibson inkatulutsa nthawi imeneyo. Mpikisano umenewo ndi umodzi mwa zinthu zimene zinakakamiza eni dzina kukumbukira ntchito yawo yakale. Gibson yokhayo inalowa m'malonda a gitala yopanda mphako potsatira Fender, ndipo Fender inadzaika humbucker pa magitala ake italemba ntchito Seth Lover yemwe uja mu 1967. Kubwerekana nzeru ndi mmene chida chimenechi chakulira kuyambira kale.

Dzina la Gibson lasinthana manja kangapo chichokere ku Michigan. Linagulidwa pa madola 5 miliyoni mu 1986, linagwa m'ngongole mpaka kukapempha chitetezo kukhoti mu 2018, n'kudzukanso pansi pa eni ena. Heritage nayo inapeza eni atsopano mu 2016, ndipo amisiri oyambirira aja ambiri anapuma kapena anamwalira. Zimene ankadziwa, monga kupendeka kwa khosi polilowetsa m'thupi, kuya kwa timipata ta nsambo, ndi kuchuluka kwa waya pa koyilo, sizili m'chipinda chokhoma cha munthu aliyense. Zalembedwa, zajambulidwa, ndipo zikuphunzitsidwa kwa aliyense wofuna. Choncho inu amene mwakopeka ndi magitala amagetsi koma mulibe ndalama za Les Paul yakale, simunatsalire kunja. Gulani gitala yotsika mtengo, muimasule, muwongole khosi, musalaze timizere tachitsulo ta pakhosipo, muphunzire kulumikiza mawaya ndi mtovu, musinthe pickup, kenako muiimbe tsiku lililonse mpaka utoto uperepeseke pamene dzanja limagona.